Mnzako akudzivulaza, nkhaniyi isathere pafoni

Mtsikana wina wa Fomu 3 wandilembera kuti mnzake wapamtima amadzicheka zinthu zikamuthina mumtima, ndipo anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Ali ndi kagulu kawo pa WhatsApp komwe amatonthozana usiku. Akufunsa mawu oti azimulembera mnzakeyo kuti asiye.

Mdzukulu wanga, wachita bwino posamuthawa mnzako, ndipo usamusiye. Koma funso loti ukanandifunsa ndi ili: "Agogo, ndi wamkulu uti amene tingamuuze osatikalipira?"

Ife tikukula, mtsikana akangosinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankapita kumphala, ife kukuka kwa agogo. Tinkayala mphasa n'kugona mothithikana, chikuni chikunyeka pang'onopang'ono, agogo ali chakukhomo. Nthano zikatha ndi pomwe manong'onong'o ankayamba: uyu bambo ake omupeza akumuzunza, uyu wamenyedwa chifukwa chophwanya mtsuko, uyu akungolira osanena chomuliza. Tinkayesa kuti agogo agona chifukwa cha mkonono wawo. Ayi ndithu, ankamva zonse! Kukacha, ena tikunyamula ndowa kupita kudambo, ankangoti, "Iwe tsala, undithandize kutongola chimanga." Ankakhala naye pakhonde, lichero pakati, maso pachimanga, osamuyang'ana kumaso. Chitsononkho chachitatu chisanagwe, mwana uja wayamba kale kuulula. Madzulo ake agogo ankafunda nsalu yawo n'kupita kwa amalume ake a mwanayo, mwini mbumba, ndipo nkhani inkakambidwa ndi akuluakulu popanda kumuyalutsa mwana pamudzi.

Ukuona, nafenso tinkauzana zakukhosi tokhatokha monga mukuchitira inumu. Chosiyana n'chakuti m'nyumbamo munali khutu la munthu wamkulu. Lero aliyense ali ndi chipinda chake ndi loko wake, ena mukuchita lendi pafupi ndi sukulu muli ana okhaokha, agogo munawasiya kumudzi ndipo mumawaona pamaliro basi. Pakagulu kanuko nonse ndinu a msinkhu umodzi, nonse muli ndi mabala mumtima. Wina akalemba pakati pausiku kuti walephera kupirira, adzuke ndani kukagogoda pakhomo pake? Ndamvanso kuti ena amatumizirana zithunzi za zilonda. Zimenezo ayi, mwanawe, zimadzutsa chilakolako mwa amene amayesetsa kuleka.

Mnzakoyo sanalodzedwe, si wamisala, komanso sakuchita matama. Ali ndi ululu umene wasowa pounenera, ndiye thupi ndi limene likulipira. Ukamuona wavala juzi dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, usamuvule pagulu kapena kumufunsa anthu akumva. Khala naye pawiri, umve zambiri kuposa zimene ulankhule. Usamuuze kuti alumbire kuti sadzachitanso, chifukwa akadzalephera adzayamba kukubisira ndi iwe yemwe.

Za lumbiro lako lija, umuuze maso ndi maso kuti, "Mnzanga, ichi chandikulira, tiye tisankhe limodzi munthu woti timuuze." Asankhe yekha: azakhali, aphunzitsi aakazi amene amawakhulupirira, amayi a kumpingo osalongolola, kaya agogo ake ngati alipo. Ngati amene akumuvutitsa ali m'nyumba momwemo, musayambire kumeneko. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene a bungwe loona za achinyamata la YONECO amayankha, mufotokoze. Kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, ndipo a chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ntchito yawo ndi yomweyi. Umuperekeze, poti pakhomo pachipatala munthu ali yekha amabwerera. Chilonda chikakhala chakuya kapena chatukusira, chimenecho n'chachipatala lero lomwe. Akangotchula zofuna kufa, ngakhale moseka, usamusiye yekha ndipo uuze wamkulu nthawi yomweyo, akwiye asakwiye.

Inunso makolo amene mukuwerenga mobisa, mwana akakuonetsani mkono wake musathamangire chikwapu kapena kulengeza kumapemphero kuti m'nyumba mwalowa chiwanda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinkatero, ndiye akabwera kwa inu mwana wa eni, mpatseni mpando. Ndipo tchuthi chikafika, atumizeni anawa kwa agogo awo akagoneko ngakhale sabata imodzi, foni ili m'chikwama.

Iweyo mdzukulu wanga, uli ndi mayeso ako ndi tulo tako. Wamkulu amene mumusankheyo umuuzenso kuti nawe watopa, akuthandize kusenza.