Njovu za ku Kasungu Zikatha Chimanga, Mlimi Adalire Chiyani?

FUNSO: Ndine mlimi wa kufupi ndi nkhalango ya Kasungu. Mvula ikuvuta chaka ndi chaka, ndipo chimanga chochepa chimene chapulumuka ku ng'amba njovu zimadzachidya usiku umodzi. Kodi boma limaona nyama kukhala zofunika kuposa ana athu?

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo aliyense wokonda nyama zakutchire ayenera kulimva asanayambe kukulangizani. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo kuyambira pamenepo midzi ya mbali ya Malawi ndi ya Zambia yakhala ikulira minda yowonongeka, pena ngakhale maliro. Chilala cha El Niño cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, chinakulitsa vutoli, chifukwa madzi ndi msipu zikachepa m'nkhalango, njovu zimalondola fungo la madimba ndi nkhokwe.

Chimene chimatipweteka ifeyo n'chakuti malamulo athu salamula boma kupereka chipukuta misozi njovu zikawononga mbewu, pamene mlimi amene wapha njovu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Misampha, choncho, ingawonjezere njala pakhomo panu.

Chodalirika kwambiri ndi mpanda wamagetsi wosamalidwa bwino, monga zaonekera ku Liwonde kuyambira pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2015. Pamene mpanda sunafike, alimi ena amamanga zingwe zopakidwa tsabola wosakaniza ndi oyilo wakale, kapena kufukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola madzulo. Ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya, njira imene inayesedwa ku Kenya, imathandizanso, ngakhale kuti m'chaka cha chilala njuchi zimasamuka, ndipo apa mpamene mlimi amaifuna kwambiri. Njira zimenezi zimagwira bwino mudzi wonse ukamalondera limodzi, osati banja lililonse palokha.

Njovu zikalowa m'munda, kadziwitseni amfumu ndi oyang'anira nkhalango tsiku lomwelo, ndipo mulembetse kukula kwa munda umene wawonongeka, chifukwa zolembedwazo ndi zimene komiti ya m'mudzi ingatengere kwa phungu wanu pokapempha mpanda ndi kusintha kwa lamulo la chipukuta misozi.