Wogulitsa akati alemba kuti ndi mphatso, mukaneni

Imelo yomwe ndalandira sabata ino ndaiwerenga katatu. Achemwali ena omwe angopeza ntchito kunja akufuna kuitanitsa malaputopu ndi mafoni angapo kuchokera ku Shenzhen, ku China, kuti azigulitsa m'dziko lomwe akukhalamo tsopano. Wogulitsa wawalonjeza kuti alemba mtengo wochepa pa invoisi, n'kulembanso kuti katunduyo ndi mphatso, kuti msonkho uchepe. Akufunsa ngati avomere.

Musavomere, achemwali. Nditangoona mawu akuti mphatso, mtima wanga unapita kutali.

Zaka zapitazo nanenso ndinali mlendo m'dziko la eni, ndipo ndinaitanitsa malaputopu 12 ogwiritsidwapo kale ntchito. Ndalama zonse zomwe ndinasunga chaka chathunthu ndinaziika mmenemo. Wogulitsayo anali wokoma pakamwa, woyankha mauthenga ngakhale pakati pa usiku. Anati aliyense amatero, palibe amene amatsegula mabokosi. Ndinavomera, chifukwa ndinkaopa kuti msonkho undidyera phindu lonse.

Bokosi linafika pabwalo la ndege n'kuima pomwepo. Sabata yoyamba zii. Sabata yachiwiri kunabwera kalata yoti ndipite ndi umboni wa ndalama zomwe ndinalipira. Mpaka lero ndimaliona tebulo lachitsulo lija, bokosi langa atalidula pakati, tepi ikulendewera. Ofisala wa msonkho anatembenuza laputopu imodzi chafufumimba, n'kuwerenga nambala ya pansi pake, n'kuilemba pa kompyuta yake. Kenako ananditembenuzira sikirini kuti ndidzionere ndekha mtengo weniweni. Sanakalipe. Anangoyala invoisi pambali pa pepala langa la kubanki, manambala awiriwo n'kumayang'anizana. Manja anga ankanjenjemera, ndipo ndinalibe choyankha m'chinenero chomwe ndinali ndisanachidziwe bwino.

Ndinalipira msonkho wa pamtengo weniweni, chindapusa pamwamba pake, komanso ndalama ya nyumba yosungiramo katundu yomwe inkakwera tsiku ndi tsiku. Wogulitsa uja anasiya kuyankha tsiku lomwe ndinamutumizira chithunzi cha kalatayo.

Apa ndiye ndimaumapo mtima, ndipo sindisintha. Wonama amakhala kutsidya la nyanja, koma dzina lomwe lili pa mapepala ndi lanu. Pamaso pa a msonkho, woitanitsa katundu ndi amene amayankha mlandu. Ndiye inu ndinu mlendo, mukukhala pa chitupa cha ntchito chomwe chimafuna kuwonjezeredwa nthawi. Mbiri yoti munanamiza boma si yoti muisenze m'dziko la eni. Komanso onani kaye ngati chitupa chanucho chikukulolani n'komwe kuchita malonda, poti zitupa zambiri za ntchito zimakumangirirani kwa bwana mmodzi. Ndimakwiya ndikaona anthu pa intaneti akulangiza anzawo kuti njira ya mphatso ndi kuchenjera. Katundu akagwidwa, alangizi amenewo sabwera kudzaima nanu pa tebulo lija.

Chomwe chinandipweteka koposa ndinachidziwa mochedwa. Dziko limenelo silinkalipiritsa n'komwe msonkho wa pachipata pa makompyuta. Panali VAT yokha. Mu 1996, ku Singapore, mayiko ena a m'bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO anagwirizana kuchotsa msonkho wa pachipata pa katundu wambiri wa makompyuta ndi mafoni, ndipo mu 2015 ku Nairobi anawonjezera mndandandawo. Si mayiko onse omwe analowa, koma lomwe ndinkakhalamo linali momwemo. Ndinanama pothawa msonkho wa pachipata womwe kunalibe.

Ndikanangofufuza nambala imodzi. Katundu aliyense wodutsa malire ali ndi nambala yosonyeza mtundu wake, yotchedwa HS, ndondomeko yomwe bungwe la World Customs Organization la ku Brussels limayang'anira kuyambira mu 1988. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana pafupifupi dziko lonse lapansi, kenako dziko lililonse limawonjezera ake. Makompyuta amayamba ndi 8471, mafoni 8517. Mukailemba pa tsamba la ofesi ya msonkho ya dzikolo, mumaona zomwe mudzalipire musanatulutse ndalama. Dziwaninso kuti mayiko ambiri powerengera msonkho amaphatikiza mtengo wa katundu, wa ulendo ndi wa inshuwalansi.

Za mabatire

Izi simunafunse, koma zikukudikirani. Mabatire a lithium amatha kuyaka okha, ndiye a ndege samasewera nawo. Kuyambira mu 2016, bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO linaletsa kutumiza mabatire oterewa paokha ngati katundu m'ndege zonyamula anthu. Batire lomwe lili m'kati mwa laputopu kapena foni limaloledwa, koma mukawonjezera ma power bank m'bokosi lomwelo, bokosi lonse litha kutsala. Wogulitsa wodalirika amakhala ndi pepala losonyeza kuti mabatirewo anayesedwa pa muyezo wa UN 38.3. Akayamba kuzemba mukamupempha pepalalo, musiyeni.

Ndiye palinso nkhani ya zogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe imandiwawa mwa njira ina. Pa malaputopu anga 12 aja, atatu sanayake n'komwe. Munthu wina anangotaya zinyalala zake kudzera mwa ine, ine n'kulipirira ulendo. Pangano la ku Basel la mu 1989 linakhazikitsidwa kuti mayiko asamatayirane zinyalala zoopsa, ndipo n'chifukwa chake mayiko ena amafunsa umboni woti chipangizo chakale chikugwira ntchito asanachilole kulowa. Poyamba ndinkaona ngati n'kuvutitsa anthu. Pano ndimawaikira kumbuyo.

Mafoni nawo ali ndi misampha yawo. Ku Turkey ndi ku Pakistan, foni yochokera kunja yomwe nambala yake ya IMEI (nambala yomwe foni iliyonse imadziwika nayo) sinalembetsedwe imatsekedwa pa netiweki pakapita nthawi. Mutha kugulitsa foni yabwinobwino, mwezi wachitatu wogula n'kubwera atakwiya. Yang'ananinso pa chaja. Zambiri za malaputopu zimalembedwa 100 mpaka 240V ndipo zimagwira kulikonse, koma mapulinta ena amafuna magetsi a mphamvu imodzi yokha, ndipo mano a pulagi amasiyana dziko ndi dziko.

Tsono chitani izi, achemwali. Muuzeni wogulitsayo alembe mtengo weniweni, wofanana ndi womwe uoneke kubanki, ndi dzina lenileni la chipangizo chilichonse. Mufunseni ngati akutumiza pa DAP, pomwe msonkho mulipira ndinu, kapena pa DDP, pomwe alipira ndi iye. Pezani ejenti woombola katundu wovomerezeka m'dzikomo, mumuonetse invoisi katundu asananyamuke. Ndipo ulendo woyamba itanitsani ziwiri kapena zitatu zokha.