Kopaletivi ya juwisi ku Salima: maapozi kapena mango?

Mayi, mwafunsa ngati kopaletivi yanu yopanga juwisi iyambe ndi maapozi kapena mango. Isayambe ndi maapozi ayi, yambani ndi mango. Kuno ku Salima n'kotentha, maapozi sachita bwino. Amene mumawaona pamsikawo ndi obwera, ambiri ochokera ku South Africa, ndiye phindu lingathere pogula zipatso. Pomwe mango kuyambira Novembala mpaka Januwale amangowolera pansi, ndipo akatha mungagwire malambe, ufa wake umasungika miyezi.

Chimagwetsa magulu ambiri ndi kusasa kwa juwisi. Gulu lathu timamutenthetsa mpaka madigiri 85, n'kumuthira akadali wamoto m'mabotolo agalasi owiritsa kale, n'kutseka pompo. Mabotolo apulasitiki otoleza aja asiyeni ndithu, ndi dzuwa la kunyanja kuno sachedwa kutupa. Komanso mango athu akumudziwa ali ndi ulusi wambiri, pezani sefa yolimba, apo ayi makasitomala azidandaula.

Musanalowetse katundu m'magolosale, a bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards amuyeze kaye. Mankhwala oletsa kuwonongeka musamangothira mwa m'maso, funsani katswiri wa zakudya akuuzeni muyezo. Zolembetsa kopaletivi kafunseni ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya boma.