Kwini Akatuluka Pomaliza pa Follow the Queen

Bambo wina wanditumizira imelo yofotokoza mkangano umene unabuka pamene ankasewera Follow the Queen, masewera a makhadi a poker, ndi anzake kunyumba. Kwini anagwa ngati khadi loonekera lomaliza, ndipo mnzawo amene anali ndi ma 7 awiri, omwe anali a wild (oimira khadi lililonse) kufikira nthawi imeneyo, anaumirira kuti makhadi akewo adakali ndi mphamvu. Akufunsa ngati mnzawoyo ankanena zoona.

Bambo, mnzanuyo analakwitsa, ndipo chifukwa chake chili m'kayendedwe ka masewerawa. Follow the Queen ndi mtundu wa seven-card stud umene umakondedwa m'makomo a ku America, kumene wogawa ndiye amasankha poker yoti iseweredwe pa ulendo wake. Aliyense amalandira makhadi 7: awiri obisika, anayi oonekera, ndi limodzi lotsiriza lobisika. Kwini akagwa moonekera, khadi loonekera lotsatira limakhala la wild, kutanthauza kuti limaimira khadi lililonse limene mwini wake wafuna, ndipo mphamvu imeneyi imafika kwa makhadi onse a nambala yomweyo, ngakhale obisika m'manja mwa ena. Koma kwini wina akatuluka, nambala yakaleyo imatha mphamvu pompopompo, osadikira kuti khadi lina ligwe. Choncho ma 7 aja anafa pamene kwini anaonekera, ndipo palibe nambala ina imene inalowa m'malo mwake, popeza khadi lotsiriza limagawidwa mobisika.

Pamene makomo amasiyana ndi pa makwini enieniwo. Ena amati kwini ndi wa wild nthawi zonse, kotero pa nkhani yanuyi makwini okha ndiwo akadatsala ndi mphamvu, pomwe ena amati kwini amangoloza chabe, ndiye kuti sipakadatsala wild aliyense. Ine ndimakonda njira yoyamba, koma chofunika n'chakuti wogawa anene lamulo lake asanagawe, chifukwa ndalama zikakhala kale pa tebulo aliyense amakumbukira lamulo lomukomera.

Mnzanuyo akadapewa kukhumudwa akadawerenga makwini. Alipo anayi okha, ndipo ngati mmodzi yekha ndiye waoneka pamene makhadi oonekera ambiri sanagawidwe, ma 7 awiri ndi chuma chobwereka chimene mwini wake angabwere kudzatenga nthawi iliyonse. Atatu akaoneka, nambala ya wild imayamba kudalirika. Ngati makwini ali a wild, kwini wobisika m'manja mwanu ndiye woposa onse, chifukwa palibe chimene chingamulande mphamvu, komanso inu nokha ndinu mukudziwa kuti makwini otsala achepa. Kumbukiraninso kuti pa lamulo lomweli makwini ndi nambala yotsatira zimapanga makhadi a wild 8 mwa 52, kotero mapeya awiri sapambana kawirikawiri, ndipo makhadi asanu ofanana ndiwo amakhala pamwamba, kuposa ngakhale royal flush (10, J, Q, K ndi A a chizindikiro chimodzi).

Ngati gulu lanu limakonda wild wosinthasintha, yesani Low Hole Wild, mmene khadi lotsikitsitsa mwa obisika anu ndilo la wild kwa inu nokha. Munthu amene wabisa ma 9 awiri akalandira 3 pomaliza, ma 9 onse amasanduka makhadi wamba, ndipo n'chifukwa chake makomo ena amalola wosewera kulipira kuti khadi lotsirizalo ligawidwe moonekera.