Kwa achemwali amene mchimwene wawo wodwala maganizo ali m'selo

Achemwali pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Mwati mchimwene wanu amadwala matenda a maganizo, anasiya kumwa mankhwala, ndiye atavutika anamenya munthu nkuphwanya magalasi a galimoto, pano ali m'manja mwa apolisi, ndipo mukufunsa ngati nzoona zomwe anthu akukuuzani zoti mungokanena ku khoti kuti ndi wamisala basi amutulutsa. Ayi, sizikhala choncho, ndipo chonde musathamangire mawu amenewo musanamvetse komwe amamufikitsa munthu.

Ku khoti samafunsa kuti kodi munthuyu amadwala, amafunsa zinthu ziwiri zosiyana ndipo anthu ambiri timaziphatikiza. Choyamba ndi cha lero, kodi panopa akutha kumva mlandu omwe akumuzenga, angathe kuvomera kapena kukana akudziwa chomwe akuchita, angathe kukambirana ndi loya wake? Akapezeka kuti sangathe mlandu sikuti watha, umangoimitsidwa, iye amamutumiza kukalandira thandizo mpaka atapeza bwino kenako nkubwereranso ku khoti komweko. Chachiwiri ndi cha tsiku lomwe anapalamula, kodi nthawi imene ija matenda anamusokoneza mpaka osadziwa chomwe akuchita, kapena osadziwa kuti nkulakwa? Lamulo limeneli mayiko ambiri omwe anatengera malamulo a Britain analitenga pa mlandu wa Daniel M'Naghten, yemwe mu 1843 ku London anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yayikulu Robert Peel, chifukwa m'mutu mwake ankakhulupirira kuti anthu andale akumusakasaka kuti amuphe. Ndipo muyezo wake ndi wothina heavy, munthu atha kukhala ndi buku lakuchipatala lodzadza, wagonekedwapo kangapo, koma khoti nkunena kuti tsiku limenelo ankadziwa kuti kumenya munthu nkulakwa, ndiye mlandu nkumupeza nawo ngati wina aliyense.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. M'Naghten uja khoti linati alibe mlandu chifukwa cha misala, koma kunyumba sanapiteko, anamutsekera ku chipatala cha Bethlem kenako ku Broadmoor komwe anafera mu 1865, zaka 22 ali mkati. Munthu amene wagamulidwa zaka ziwiri amadziwa tsiku lotuluka, amawerenga miyezi, koma amene watumizidwa kuti akakhale mpaka atachira alibe tsiku, amadikira dokotala alembe lipoti, lipotilo lifike ku khoti, fayilo ipezeke, wina akumbukire kuti kuli munthu. Ku America kunali Theon Jackson, munthu osamva komanso osalankhula, yemwenso nzeru zake zinali ngati za mwana wamng'ono, anamumanga mu 1968 pomuganizira kuti analanda zinthu za madola 4 kwa mayi wina ndi madola 5 kwa wina. Khoti linati akakhale ku chipatala mpaka adzathe kuzengedwa mlandu, pomwe madokotala anali atanena kale kuti nkovuta kuti adzafike pamenepo, kutanthauza kuti ukanakhala moyo wake onse chifukwa cha madola 9, mlandu osazengedwa nkomwe. Zinatengera khoti lalikulu la dzikolo mu 1972 kunena kuti simungasunge munthu mpaka kalekale mwanjira imeneyo. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa anthu ngati Jackson sadandaula, salemba kalata, safunsa za belo, amangokhala phee ndipo kukhala chete kwawoko ndi komwe kumawaiwalitsa.

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi sitetimenti. Kodi anamulembetsa kale? Analipo ndani? Munthu amene mutu wasokonezeka, kapena amene ali ndi ulumali wa nzeru, kawirikawiri amangovomera chilichonse chomwe wamkulu wovala yunifolomu wanena, eya bwana, eya bwana, kuti mafunso athe apite kwawo. Earl Washington wa ku Virginia ku America anavomera mu 1983 kuti ndiye anapha mayi wina yemwe anaphedwa mu 1982 pomwe sanaphe, zambiri zomwe ankanena sizinkagwirizana ndi zomwe zinachitika koma anamugamula kuti aphedwe, nthawi ina kunangotsala masiku 9 kuti chilangocho chichitike, ndipo DNA ndi yomwe inadzamuyeretsa mpaka anakhululukidwa mu 2000. Ku England kuyambira pa lamulo lawo la 1984 apolisi amayenera kuitana munthu wamkulu wina kuti akhalepo akamafunsa munthu otere, osati kudzamuyankhira koma kudzaona ngati akumva mafunso. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma olo kwanuko kulibe lamulo lotero inu pemphani kuti pakhale wachibale kapena loya, ndipo ngati analembetsa kale ali yekha akulankhula zosagwirizana, loya adziwe zimenezo mwachangu.

Za mankhwala musazengereze. M'selo muli phokoso, kuthithikana, kusagona, zonsezo zimakolezera matenda, ndiye munthu akayamba kukuwa kapena kuvula oyang'anira ena amati ndi mwano nkumupatula kwayekha, zomwe zimangowonjezera moto. Mu 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo osamalira akaidi omwe amatchedwa ndi dzina la Nelson Mandela, ndipo amanena kuti dokotala kapena wazaumoyo aziona mkaidi aliyense akangolowa, kuti kutsekera munthu kwayekha masiku opitilira 15 motsatizana nkoletsedwa, kuti odwala maganizo kapena aulumali asatsekeredwe kwayekha ngati zingawonjezere vuto lawo, komanso kuti amene akudwala kwambiri moti ndende imuwonjezera matenda asamutsidwire ku chipatala. Zoona, ndende zambiri padziko pano sizifikapo pamenepo, zina zilibe olo namwino wa matenda a maganizo, komabe mukamapempha muzidziwa kuti simukupempha chifundo, zinalembedwa.

Ndaonanso ena mmakomenti akuti anthu amangonamizira misala kuti athawe mlandu, ena akuti nanga womenyedwayo. Womenyedwayo wavulala ndithu ndipo banja lanu likuyenera kumuganizira, kukamuona ndi kupepesa ngati loya wavomereza, palibe akutsutsa zimenezo. Koma zonamizirazo, amene anasungako m'bale odwala amadziwa kuti ambiri amachita kubisa matenda, amakana kuti sakudwala, amakwiya mukawatchula choncho pagulu, ndipo khoti silimva za m'kamwa mwa abale, limafuna dokotala amuyeze. Komanso odwala maganizo ambiri sachita zachiwawa, nthawi zambiri ndi iwo amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kunamiziridwa, tisamalankhule ngati aliyense odwala ndi chigawenga.

Ndiye achemwali mawa lomwe tengani buku lake lakuchipatala, mapepala onse, mapaketi a mankhwala olo otha kale, jambulani makope musapereke oyambirira, mukaonetse wapolisi amene akufufuza mlanduwo ndipo mupemphe kuti zilembedwe mufayilo kuti munthuyu ali pa mankhwala akutiakuti, ngati amabayitsa jakisoni wa pamwezi nenani tsiku lomwe anabayitsa komaliza. Pezani loya, ngati ndalama palibe funsani za maloya aboma othandiza osauka kapena ma paralegal omwe amayendera ma selo, ndipo loyayo ndi amene aone ngati nkwabwino kupempha kuti akayezedwe, kupempha belo kuti azilandira thandizo ali kunyumba, kapena kungotchula matendawo pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe, chifukwa pa mlandu waung'ono njira yomalizayi nthawi zina imamutulutsa msanga kuposa kunena kuti anali wamisala. Lembani nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku lililonse lomwe auimitsira, ndipo musankhe munthu m'modzi m'banjamo amene azipezeka ku khoti nthawi zonse. Akamutumiza ku chipatala mufunse pompo pamaso pa majisitireti kuti lipoti la dokotala libwera liti ndipo mlandu udzalowanso tsiku lanji, asakuuzeni kuti tidzakuitanani.