Colour kapena color: timvere abwana kapena kompyuta?

Mayi wina amene ndi mlembi mu ofesi ina ku Lilongwe wanditumizira imelo yodandaula. Akuti akalemba colour kapena centre, kompyuta imawalembera mzere wofiira kunsi kwa mawuwo. Akasintha n'kulemba color ndi center, abwana awo amabweza kalatayo atakhwatchakhwatcha ndi bolopeni. Posachedwapa awabwezeranso ina chifukwa cha mawu oti organize, ati n'Chingerezi cha ku America. Akufunsa kuti akulondola ndani.

Mayi, pa colour ndi centre mverani abwana anu. Pa organize pokha, abwanawo sanakuchitireni chilungamo.

Kalembedwe konse kawiri n'kolondola, kalikonse kwawo. Ku Britain zinthu zinakhazikika kwambiri Samuel Johnson atatulutsa dikishonale yake ku London mu 1755. Ku America kunali Noah Webster, mphunzitsi amene ankafuna kuti dziko lawo, lomwe linali litangochoka mu ulamuliro wa Britain, likhale ndi kalembedwe kakekake kosazunza ana asukulu. Dikishonale yake yaikulu ya mu 1828 ndiyo inafalitsa color, center, defense ndi traveled wa l mmodzi. Si zonse zimene anthu anamuvomera. Anayesa tung m'malo mwa tongue, koma Amereka anzake anakana.

Ife kuno tinatengera za ku Britain, ndipo n'zimene timaphunzira kusukulu mpaka pa mayeso a MSCE. Tangoyang'anani zikwangwani mumzinda wanu womwewo: City Centre, Malawi Defence Force. Choncho vuto lili pa kompyuta yanu, imene inabwera itatcheredwa pa Chingerezi cha ku America. Mu Microsoft Word, dinani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse zimene mwalemba, pitani pa Review, kenako Language, kenako Set Proofing Language, musankhe Chingerezi cha United Kingdom n'kudina Set As Default. Mizere yofiira ija isiya kukuvutitsani.

Tsopano za organize. Anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi ena a Chingerezi, amakhulupirira kuti z aliyense wotere ndi wa ku America. Si zoona. Oxford University Press, yomwe ndi ya ku England kwenikweni, imalemba organize, realize ndi recognize, chifukwa mathero amenewa anachokera ku Chigiriki, komwe kuli z. Bungwe la United Nations loona za ntchito limalemba dzina lake kuti International Labour Organization: Labour wa u ngati ku Britain, Organization wa z. Ndiye simunalakwe ayi. Komabe amene amasaina makalatawo ndi abwana, ndipo organise nayenso ndi wolondola. Ngati iwo amakonda s, lembani s paliponse, musasakanize m'kalata imodzi. Dziwaninso kuti pali mawu ena amene salola z kulikonse padziko lapansi: advertise, supervise, exercise, surprise, advise.

Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si zimenezi. Munthu akalemba color, aliyense amamvabe chimene akunena. Pamene alembi ambiri amagwa ndi pa mawu amene kompyuta siingakuchenjezeni, chifukwa onse awiri alimo m'dikishonale, kungoti ntchito zake n'zosiyana.

M'Chingerezi cha ku Britain, practice ndi dzina, practise ndi mneni. Licence ndi dzina, license ndi mneni. Laisensi ya galimoto imene apolisi apamsewu amakufunsani ndi driving licence, ya c. Koma akamati munthu waloledwa kugulitsa mankhwala, amalemba licensed, ya s. Mukasokonezeka, kumbukirani advice ndi advise, chifukwa awiriwa amamveka mosiyana mukawatchula: wa c ndi malangizowo, wa s ndi kulangizako. Lamulo lake ndi lomwelo pa enawo. Ku America sasiyanitsa chonchi, amalemba practice ndi license pa zonse ziwiri, n'chifukwa chake zolemba za pa intaneti zimatisokoneza.

Enanso ndi awa. Mita yoyezera nsalu kapena kutalika kwa mpanda ndi metre, koma mita ya magetsi kapena ya madzi ndi meter, ngakhale ku Britain komweko. Ndondomeko ya msonkhano ndi programme, koma pulogalamu ya pakompyuta ndi program. Cheke cha kubanki ndi cheque, kufufuza ngati zinthu zili bwino ndi check. Muzilembe izi pakapepala n'kumata pambali pa kompyuta yanu, zikuthandizani.

Poti mumalembanso makalata opita kunja, samalani ndi madeti. Mukalemba 04/05/2025, ife ndi a ku Britain timawerenga kuti 4 May, pamene munthu wa ku New York awerenga kuti April 5. Pa kalata yoitanira anthu kumsonkhano kapena yonena tsiku lomaliza kulipira, mwezi wathunthu ungasokonekere pamenepo. Lembani dzina la mwezi m'mawu, 4 May 2025, ndipo muwapemphe abwana anu kuti ofesi yonse izilemba chimodzimodzi.