Mafunso a Owerenga: Mabuku Onena za Chipululu cha Baja California

Mwezi watha tinatchulako dera la Baja California pofotokoza za anamgumi amene amapita kukaberekera kumeneko, ndipo makalata angapo amene talandira akufunsa za mabuku onena za moyo ndi maulendo a m'derali. Tasankhapo asanu.

Funso: Akonzi, sindikudziwa bwino kumene kuli Baja California, ndiponso chimene chimakopa alembi kumeneko. Kodi munthu amene sanawerengepo kalikonse ayambe ndi buku liti? *Mphunzitsi wa pulayimale*

Yankho: Aphunzitsi, Baja California ndi mtunda wautali ndi wopapatiza wa dziko la Mexico, umene umayambira pamalire a United States n'kulowa m'nyanja chakummwera makilomita oposa 1,200. Kumadzulo kwake kuli nyanja ya Pacific, ndipo kummawa kuli Gulf of California, imene ena amaitcha Sea of Cortez. Madzi ali uku ndi uku, koma onsewo ndi amchere, ndipo pakati pake pali chipululu cha miyala ndi mapiri kumene malo ena chaka chimatha popanda mvula yoti n'kunyowetsa fumbi. N'chifukwa chake buku lililonse labwino lonena za derali, ngakhale litayamba ndi nkhani ina, limafika pa funso loti madzi akumwa apezeka kuti mawa.

Ndikupemphani kuti muyambe ndi *Into a Desert Place* la Graham Mackintosh, limene linatuluka mu 1988. Mlembiyu anali mphunzitsi wa ku Britain wosazolowera moyo wa m'tchire, koma mu 1983 anayamba ulendo wapansi wotsata gombe la derali, ndipo pa zaka pafupifupi ziwiri anayenda makilomita pafupifupi 4,800. Chimene sindiiwala m'bukuli ndi mmene ankapezera madzi. Akafika malo opanda kasupe, ankathira madzi a m'nyanja m'ketulo, n'kusonkha moto wa nkhuni zotola m'mbali mwa nyanja, kenako n'kukhala pansi maola ambiri akutcheza madziwo, nthunzi ikudutsa m'kapaipi n'kumagwa dontho limodzilimodzi m'botolo. Ndikawerenga masamba amenewo ndimamva ludzu pakhosi. Ankadya nsomba, zipatso za mitengo yaminga ngakhalenso njoka, ndipo chakumapeto kwa ulendowo katundu wake ankanyamula bulu.

Ndimalikonda bukuli makamaka chifukwa chakuti mlembiyo sabisa kuti akanakhala yekha sakanafika patali. Asodzi a m'misasa ya kutali, amene nawonso madzi awo anali owerengeka, ankamulandira, kumupatsa khofi ndi chakudya, ndi kumuuza malo amene phompho latseka njira. Mukamaliza bukuli mumakhala mutadziwa gombe lonse, ndiponso mutadziwa anthu amene amakhalapo.

Funso: Anzanga amatamanda kwambiri buku la John Steinbeck lonena za nyanja ya kumeneko, koma ine ndinalisiya pakati chifukwa ndinaona kuti likungokamba za nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi. Kodi ndalakwitsa? *Wophunzira wa ku koleji*

Yankho: Simunalakwitse kudabwa, chifukwa *The Log from the Sea of Cortez* si buku la nthano ngati mabuku ena a Steinbeck. Mu March 1940 iye ndi mnzake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja, ananyamuka ku Monterey, m'dziko la United States, pa boti la asodzi lotchedwa Western Flyer, ndipo kwa milungu 6 ankatola zamoyo zimene zimatsala m'miyala madzi akaphwera. Buku loyamba la ulendowu linatuluka mu 1941 ndi mayina a onse awiri, ndipo limene mwawerengalo ndi la mu 1951, Ricketts atamwalira kale pa ngozi ya sitima yapamtunda mu 1948.

Bwererani kukawerenga chigawo chimene anakwera zombo za ku Japan zogwira nkhanu za mtundu wa shrimp pafupi ndi doko la Guaymas, kutsidya la kummawa la nyanjayo. Anaona makoka akukokolola chilichonse cha pansi pa nyanja, ndipo nsomba zosafunika zinkatayidwa zitafa kale. Zimene analemba pamenepo zikadali zoona mpaka lero. Koma ndivomereze kuti awiriwa mtunda ankangouonera pa boti, n'kumatsikako kwa nthawi yochepa. Mlendo ndi mame, ndipo za moyo wa m'kati mwa chipululu mudzazipeza kwa alembi ena.

Funso: Akonzi, ndawerenga buku la wansembe Johann Jakob Baegert ndipo landipweteka mtima. Akunyoza dziko limene anakhalamo, akunyozanso eni dzikolo ngati si anthu. N'chifukwa chiyani buku lotere likuwerengedwabe, ndipo ena amati ndi lofunika? *Mayi wopuma pantchito ya unamwino*

Yankho: Mayi, kupwetekedwa mtima kwanu n'koyenera, ndipo sindikufuna kukuchepetsa. Baegert anali wansembe wa chipani cha Jesuit wochokera ku Alsace, amene anakhala pa mishoni ya San Luis Gonzaga zaka 17, kuyambira mu 1751 mpaka mu 1768, pamene ansembe a chipanichi anachotsedwa m'derali molamulidwa ndi mfumu ya Spain. Atabwerera ku Ulaya analemba buku lake m'Chijeremani, ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1952 ndi mutu wakuti *Observations in Lower California*. Cholinga chake china chinali kutsutsa mphekesera zimene zinafala ku Ulaya zakuti California, dzina limene derali linkadziwika nalo nthawiyo, ndi dziko lodzaza ndi ngale ndi chuma, kumene ansembewo ankadzikundikira katundu. Pofuna kutsimikiza kuti kunalibe kanthu, anajambula dzikolo ngati mulu wa miyala ndi minga, ndipo anthu a mtundu wa Guaycura anawalemba ndi mawu achipongwe amene mwawaonawo.

Chifukwa chimene bukuli likuwerengedwabe n'chomvetsa chisoni. Anthu a Guaycura kulibenso monga mtundu, ndipo chinenero chawo chinatha. Kuchokera pamene mishoni yoyamba yokhazikika inamangidwa ku Loreto mu 1697, anthu amene kale ankayenda m'timagulu ting'onoting'ono kutsata zipatso ndi madzi anasonkhanitsidwa pamalo amodzi, ndipo nthomba, chikuku ndi chindoko zinawapululutsa pa mibadwo yochepa chabe. Mtundu wa Pericú wa kummwera kwenikweni unathanso chimodzimodzi. Choncho zambiri zimene zimadziwika za mmene anthu a Guaycura ankakhalira, ngakhalenso mawu ochepa a chinenero chawo amene anatsala, tikuzipeza kwa munthu amene sankawalemekeza.

Ine ndimaliwerenga mosiyanitsa zimene anaona ndi zimene anaweruza. Akamafotokoza mmene anthuwo ankadziwira nyengo ya zipatso za mtengo waminga wa pitahaya, mmene ankayendera mitunda yaitali opanda katundu, ndi mmene ankapezera chakudya pamalo amene mishoni yake inkadalira chimanga chobwera pa sitima kuchokera kutsidya la nyanja, amakhala akuchitira umboni nzeru zawo, ngakhale kuti iye mwini sankazitcha nzeru. Pali malo enanso amene amavomereza kuti anthuwo ankaoneka osangalala ndi opanda nkhawa kuposa anthu a kwawo. Musalitaye bukulo, mayi, koma musalolenso kuti likhale mawu omaliza. Kumpoto kwa derali kukadali anthu a mitundu ya Kumeyaay, Paipai, Kiliwa ndi Cucapá, ndipo ena a iwo akuyesetsa kusunga zinenero zawo ngakhale kuti ozilankhula atsala ochepa kwambiri.

Funso: Inuyo akonzi, pa mabuku onsewa, limene mumalikonda koposa ndi liti? *Wowerenga wa nthawi zonse*

Yankho: Ndi *Last of the Californios* la Harry Crosby, la mu 1981. Crosby anafika m'mapiri a derali mu 1967 monga wojambula zithunzi, atapatsidwa ntchito yotsata njira yakale yotchedwa El Camino Real imene inkalumikiza mamishoni. Galimoto sikanatha kudutsa m'njirayo, motero anakwera nyulu makilomita pafupifupi 1,000, akutsogoleredwa ndi anthu a m'mapirimo. Ulendowo unamutsegula maso, ndipo anabwererako kambirimbiri.

Anthu amene anawapeza ndi zidzukulu za asilikali ndi antchito a m'mamishoni, amene anatsala m'zigwa zakuya mamishoniwo atatha. Banja lililonse linamanga pamene pali kasupe, ndipo kukula kwa mudzi kunkadalira kukula kwa kasupeyo. Crosby amakulowetsani m'bwalo la banja lotere: ngalande yopapatiza yotenga madzi kuchokera m'thanthwe kupita m'kadimba ka malalanje, nkhuyu, mphesa ndi makangaza, mbuzi zikukamidwa mamawa kuti mkaka wake apangire tchizi wokagulitsa ulendo wa masiku angapo pa nyulu, bambo akunyika zikopa ndi makungwa a mtengo wa palo blanco kuti asoke nsapato, zishalo ndi zotchinjiriza miyendo ku minga. Chilichonse cha pakhomopo chinali ndi dzina lake ndi mwini luso lake, ndipo mlembiyo anakhala nawo nthawi yokwanira kufunsa ndi kumvetsera. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bukuli linalembedwa ndi kudekha kotero.

Anthu omwewa ndi amene anamuonetsa mapanga a zithunzi zakale, zimene anazifotokoza m'buku lina la mu 1975, *The Cave Paintings of Baja California*. M'mapiri a Sierra de San Francisco muli matanthwe ojambulidwa ndi utoto wofiira ndi wakuda: anthu otukula manja m'mwamba, ena theka lofiira theka lakuda, pamodzi ndi agwape, nkhosa za m'mapiri, mbalame ndi nsomba. Zithunzi zambiri n'zazikulu kuposa munthu weniweni, ndipo zina zili pamwamba poti dzanja silingafike popanda makwerero. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1993. Chimene ndimayamikira n'chakuti Crosby amatchula omutsogolera ake ndi kunena poyera kuti abusa a mbuzi ankawadziwa mapangawo kalekale.

Pambali pa bukuli ndimaikapo *El otro México* la mtolankhani Fernando Jordán, la mu 1951, chifukwa mabuku ambiri odziwika a derali analembedwa ndi alendo olankhula Chingerezi. Jordán anali wa ku Mexico komweko, ndipo ankalembera anthu a dziko lake powakumbutsa kuti ali ndi abale kutsidya la nyanja amene boma la ku Mexico City linkawaiwala. Amene amatha Chisipanishi asalidumphe.

Funso: Mwana wanga akugwira ntchito ku San Diego, mzinda wa ku United States woyandikana ndi derali, ndipo akufuna kudzanditenga kuti tikaone chipululucho pa galimoto. Kodi mabuku akalewa angatithandize monga otisonyeza njira? *Bambo wa ana anayi*

Yankho: Bambo, pa nkhani ya njira musawadalire, chifukwa chaka cha 1973 chinasintha zinthu zambiri. M'chakacho unatha kumangidwa msewu wa tala wotchedwa Carretera Transpeninsular, wa makilomita oposa 1,700 kuchokera ku Tijuana mpaka ku Cabo San Lucas. Msewuwu usanabwere, ulendo wa pa galimoto unkatenga masiku ambiri m'njira za miyala ndi mchenga, ndipo woyenda ankagona pa makomo a alimi amene ankagulitsa mafuta a m'migolo. Cabo San Lucas imene Steinbeck anaiona inali kamudzi ka asodzi kokhala ndi fakitale yoika nsomba m'zitini, koma lero ndi tauni ya mahotela. Za mtunda, mafuta ndi malo ogona, mwana wanu apeze mapu ndi uthenga watsopano. Ngakhale lero pakati pa derali pali chigawo chachitali chopanda malo odalirika omwetsera mafuta, choncho mudzaze thanki ku El Rosario ndi kunyamula madzi akumwa ochuluka, ndiponso musayende usiku chifukwa ng'ombe zimagona pamsewu.

Koma pa nkhani yodziwa chimene mukuona, mabuku akale sanakalambe. Tengani *The Forgotten Peninsula* la Joseph Wood Krutch, la mu 1961. Krutch anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia amene anasamukira ku Arizona atakula kale, n'kuyamba kulemba za zomera ndi nyama za m'chipululu. Iye ndi amene adzakuthandizani mukafika cha ku Cataviña, pamene msewu umadutsa pakati pa matanthwe akuluakulu ndi mitengo yaminga ya cardón yotalika kuposa nyumba yosanja. Pamenepo mudzaona mtengo wa cirio, umene m'Chingerezi amautcha boojum, ndipo umamera mwachilengedwe m'chigawo chimenechi ndi pa kadera kakang'ono ka ku Sonora basi. Ndi wonenepa kutsinde n'kumaonda chokwera, uli ndi timitengo tating'ono taminga thupi lonse, ndipo ina imapindika mpaka nsonga yake kukhudza pansi. M'Chisipanishi dzina lakuti cirio limatanthauza kandulo yaitali ya m'tchalitchi. M'chilimwe umayoyola masamba n'kuima ngati wouma, koma mvula ikagwa umaphuka masamba pa masiku ochepa.

Ngati mungathe kusankha nthawi, pitani pakati pa January ndi March, pamene kutentha kuli kochepa ndipo anamgumi otuwa ali ndi ana awo m'madambo a nyanja a Ojo de Liebre ndi San Ignacio. Mukafuna kuona mapanga a zithunzi aja, chilolezo chimatengedwa ku ofesi ya bungwe la boma loona za zinthu zakale la INAH m'tauni ya San Ignacio, ndipo lamulo limafuna kuti mupite ndi wokutsogolerani wa m'mapiri momwemo. Ku phanga la Cueva del Ratón mumafika pafupi pa galimoto, koma ku Cueva Pintada ndi ulendo wa masiku angapo pa nyulu, kutsetsereka m'chigwa n'kugona m'mahema, choncho mukambirane ndi mwana wanu za mphamvu za mawondo anu musanalembetse.